Masteroid na mapilisi ya mabele: vamene sibakuuza ku gym

Wayamba kunyamula nsimbi ku gym ya mu komboni, kaya ni ku Matero, Chawama olo Kanyama. Papita myezi itatu, thupi ikali chimozimozi. Munzako akunong'oneza ati: "Boyi, lasa nyeleti, uzakula mwamusanga." Ukafunsa za mabele yamene yamamela bamuna ba masteroid, ati palibe vuto, kuli kapilisi, uzibe chabe nthawi yomwela. Apa ndiye pali nkhani.

Mu thupi ya mwamuna muli enzyme, zina yake aromatase, yamene imasandusa testosterone ina kunkhala estrogen. Ukalasa testosterone yambili, estrogen nayo ikwela. Nsonga za mabele ziyamba kunyeleza na kubaba, pambuyo pake kamela kanthu kolimba mukati. Madokota bamati gynaecomastia.

Mapilisi yamene banyamata bamathamangila ni tamoxifen, anastrozole na letrozole. Uziba nchito yake yeniyeni? Ni mankhwala ya khansa ya mabele. Tamoxifen imavalila estrogen njila ku bele, yabili enawo yamaimika aromatase.

Manje ku gym aliyense ali na kalenda yake. Uyu ati yamba pamozi na nyeleti, uja ati lindila nsonga zibabe, winanso ati umwe ukasiliza cycle. Bonse bangoganizila, chifukwa estrogen siioneka pa galasi, imaoneka mu magazi ku labu.

Ukafulumila olo kuchilamo, estrogen igwa maningi. Koma mwamuna nayeve amaifuna. Ikachepa, nkhokola na vigongono vibaba, mafupa yafooka, chilakolako cha mu bedi chithaba. Tamoxifen nayo ingagwilise magazi mu musempha wa kumwendo olo mu mapapo, ndipo icho chimapaya. Ukachedwa, kaja kanthu kalimbilatu. Kakankhala pafupifupi chaka, pilisi siikachosa, kusala opaleshoni.

Chinanso, pilisi siikonza vonse vamene steroid yaononga. Thupi ikaona testosterone yochoka kunja, imaleka kupanga yake. Machende yachepa, mbeu ya mwamuna ichepa, BP ikwela, mutima ulema. Ukaleka, pangapite myezi kuti thupi ibwelele, benangu mpaka kupitilila chaka. Ngati uganiza zopikisana, ziba kuti WADA inalesa mapilisi aya nthawi zonse, olo siuli pa mpikisano.

Ngati unayamba kale, osabisa. Yenda ku chipatala na botolo yake, uuze dokota vamene unalasa na siku yamene unayamba, bakupime magazi na BP. Kanthu kolimba mu bele osakalindilila. Ukamvela mwendo umozi wavimba olo mpweya wachepa, thamanga pamene apo.

Ngati ukalibe kuyamba, ndalama ya nyeleti gulila mazai, kapenta, nyemba na nshaba, ugone mokwana. Thupi izakula pang'onopang'ono, koma shati uzavula mopanda nsoni.