Cipale Cogwa Mocedwa ku Mapiri a Utah

Alimi, inu mudziwa cisanu ca mu June ndi July cimene citentha tomato m'madimba. Ku dziko la Utah, ku America, alimi anzanu aopa cipale cimene cigwa mocedwa, mu April ndi May, mitengo ya zipatso itacita kale maluwa. Cipale ndico madzi oundana m'mitambo. Cigwa mofewa ngati ufa woyera, niciunjikana pansi.

Kumeneko kuli nyanja dzina lace Great Salt Lake, ndipo kum'mawa kwace kuli mapiri a Wasatch, ena otalika koposa mapazi 11,000. Madzi a nyanjayi ali ndi mcere wambiri, cotero saundana kawirikawiri. Ndiponso ndi osaya, cotero afunda msanga nyengo yozizira ikamatha. Mphepo yozizira ikapita pamwamba pa madzi ofundawo itenga nthunzi, ndipo ikafika pa mapiri ikwera, nizizira koposa, nigwetsa cipale.

Kodi akatswiri a zanyengo adziwa bwanji tsiku lace? Ayang'ana zinthu zitatu. Coyamba ayesa kufunda kwa madzi a m'nyanja. Caciwiri aulutsa mabaluni onyamula zipangizo zoyesera mpweya pa mapazi 10,000. Mpweyawo ukazizira koposa madzi ndi madigiri ngati 16 a Celsius, cipale ciri pafupi. Cacitatu aona kocokera mphepo: ikacokera pakati pa kumpoto ndi kumadzulo, mitambo ilunjika ku mzinda wa Salt Lake City ndi midzi yoyandikana nawo. Nthawi zambiri cigwa usiku kapena m'mamawa.

Nchitoyi njobvuta. Mitambo yocokera ku nyanja iyenda mu mzere wopapatiza, cotero mudzi wina ukwiririka, wina wapafupi osalandira kanthu. Ndiponso kusiyana kwa digiri imodzi kapena awiri kungacititse kuti m'cigwa mugwe mvula cabe, pamene m'phiri mukugwa cipale.

Mlimi wa zipatso aopa makamaka usiku wotsatira, mitambo itacoka ndi mphepo italeka, monga cicitira cisanu ca m'madimba anu. Kuzizira kukafika madigiri 2 pansi pa ziro, maluwa a mapicesi ayamba kufa, ndipo duwa lakufa silibala cipatso caka cimeneco. Akamva cenjezo, alimi ayendetsa zipupizo zazikuru zosakaniza mpweya m'munda, ndipo abusa abisa ana a nkhosa ndi nkhosa zometedwa kumene.

Komabe cipale comweco ndico nkhokwe yao ya madzi, pakuti madzi ambiri othirira minda ku Utah acokera ku cipale cosungunuka m'mapiri. Ca pa 1 April aciyesa kuti adziwe madzi a caka. M'nyengo ya 2022 mpaka 2023 pa phiri la ku Alta panagwa cipale ca mapazi 75. Mu 1983 cinagwabe mpaka mu May, kenaka kunatentha mwadzidzidzi. Madzi anasefukira, ndipo anthu anawapatutsira mu mseu wa State Street ndi matumba a mcenga, nusanduka mtsinje.

Cenjezo la akatswiri nthawi zina liphonya, koma kuphimba mbeu usiku umodzi pacabe sikutayitsa zambiri monga kutaya zokolola. Inunso, nyengo ya cisanu ikafika, mverani za nyengo pa wailesi, ndipo udzu wophimbira mbande ukhale pafupi.