Luso la Manja Siliphunziridwa pa Bolodi

Tonse tidziwa kuti injini ya boti ikafa kuno ku Nkhotakota, banja lonse ligona ndi njala kufikira mmisiri atapezeka. Nanga amisiriwo adzachokera kuti?

M'chaka cha 1999 Boma lidakhazikitsa bungwe la TEVETA kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Olemba anthu ntchito amapereka ku bungweli kwacha imodzi pa makwacha 100 alionse a malipiro a antchito awo. M'chaka cha 2015 adayambanso makoleji a m'madera, ndipo ife tidalandira ya Mbandira.

Komabe nyumba payokha siphunzitsa munthu. Pafunika zinthu zitatu: zida zokwanira, pakuti kuwotcherera zitsulo kumalowa m'manja pogwira; aphunzitsi amene adaigwirapo ntchitoyo; ndiponso miyezi yakuti wophunzira akazolowere pambali pa mmisiri weniweni, kaya ku galaja, kaya ku fakitale ya shuga ku Dwangwa.

Tsono ife akuluakulu tileke kuyesa ukalipentala ndi kumanga nyumba ntchito za olephera mayeso. Titumizeko ana athu, ndi atsikana omwe, nthawi ikadalipo. Paja kuongola mtengo m'poyamba.