Chifuwa chachikulu cha TB sichotengera kumtundu: zomwe akafukufuku apeza ndi phunziro lake kwa a ku Kasungu

KASUNGU – Nyengo yosankha ndi kudinda fodya ikafika m'madera a Santhe, Chulu, Wimbe ndi Chamama, kutsokomola kumasanduka chinthu cha masiku onse. Anthu amaswera m'zigafa zodzaza fumbi la fodya wouma, kotero wina akayamba chifuwa ambiri amangoti ndi fumbi. Chifuwacho chikapitirira, munthu n'kuyamba kuwonda, ena amati ndi tsempho, pomwe ena amati ndi nthenda ya kumtundu, makamaka ngati kholo lake lidamwalira ndi chifuwa chomwecho. Maganizo onsewa amachedwetsa wodwala kukayezetsa makhololo kuchipatala.

Chifuwa chachikulu cha TB chimayamba ndi kachirombo komwe Robert Koch wa ku Germany adakatulukira m'chaka cha 1882. Kachiromboka kamafala mumpweya pamene wodwala akutsokomola, ndipo sikayenda m'magazi a banja monga momwe nkhope kapena msinkhu zimayendera. Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse adakalandirapo kachiromboka m'thupi, koma mwa anthu 100 otere, asanu mpaka khumi okha ndiwo amadzadwala. Apa m'pomwe akatswiri adayamba kufunsa ngati chibadwa chotengera kwa makolo chili ndi gawo pa nkhaniyi.

Ngozi yomwe idachitika mumzinda wa Lübeck ku Germany m'zaka za 1929 ndi 1930 idapereka umboni wooneka ndi maso. Makanda 251 adapatsidwa katemera yemwe mwangozi adasakanikirana ndi kachirombo kamoyo ka TB. Makanda 72 adamwalira ndi nthendayi, ambiri adadwala n'kuchira, ndipo ena sadadwale n'komwe. Kuchuluka kwa tizirombo tomwe mwana aliyense adalandira kudali kosiyana, komabe zidaonetsa kuti matupi a anthu salimbana ndi TB mofanana.

Dziko la Malawi lathandizapo kwambiri pa kafukufuku wa nkhaniyi kudzera ku Chilumba m'boma la Karonga, komwe akatswiri akhala akutsatira nthenda za khate ndi TB kuyambira mu 1979. M'chaka cha 2010, kafukufuku yemwe adaunika DNA ya anthu oposa 11,000 a ku Ghana, Gambia ndi Malawi adapeza malo amodzi pa chromosome 18 omwe amawonjezera pang'ono chiopsezo chodwala TB. Mu 2012, akatswiri ofufuza anthu a ku Thailand ndi Japan adapeza malo ena, pa chromosome 20, okhudza omwe amadwala asanafike zaka 45. Zotsatirazi zikusonyeza kuti zopezeka pakati pa mtundu umodzi wa anthu sizigwira ntchito mwachindunji pa mtundu wina, komanso kuti mphamvu ya malo alionse otere ndi yochepa. Mpaka lero palibe chipatala chomwe chingayeze DNA ya munthu wathanzi n'kumuuza kuti adzadwala TB kapena ayi.

Komwe chibadwa chaoneka chothandiza madokotala ndi pa mankhwala. Ku Thailand adatsimikiza kuti anthu ena, kaamba ka chibadwa chawo chotchedwa NAT2, matupi awo amachedwa kuchotsa mankhwala a isoniazid, ndipo otere chiwindi chawo chimatha kuvulala. Mankhwalawa ali m'gulu la anayi omwe odwala TB amalandiranso kuno kwathu. N'chifukwa chake wodwala yemwe maso ake ayamba chikasu kapena akusanza kosalekeza ayenera kubwerera kuchipatala msanga, m'malo mosiya mankhwala mwakachetechete.

Ku Karonga komweko adaunikanso DNA ya kachirombo keni keniko pofuna kudziwa yemwe adapatsira mnzake. Zotsatira za mu 2015 zidaonetsa kuti pafupifupi wodwala mmodzi yekha mwa khumi ndiye adatenga TB kwa wachibale kapena munthu wina wodziwika yemwe adakhala naye pafupi. Ambiri adaitenga kwina, kwa anthu omwe sadawadziwe kuti akudwala. Okhala nyumba imodzi ndi wodwala akadali pa chiopsezo chachikulu ndipo ayenera kuyezedwa, koma palibe chifukwa chosalira banja lonse ngati la nthenda.

Zomwe zimakankhira munthu ku TB mwamphamvu kuposa chibadwa n'zodziwika: kachirombo ka HIV, kusowa zakudya m'thupi, kusuta fodya, kumwa mowa mwauchidakwa ndi matenda a shuga. M'boma la Kasungu, lomwe kalembera wa mu 2018 adapeza kuti muli anthu oposa 800,000, zinthuzi zimakumana ndi moyo wa m'maesiteti. Antchito ambiri amachokera m'maboma akutali monga Mulanje, Phalombe ndi Mangochi, amagona mothithikana m'tinyumba topanda mawindo okwanira, ndipo chakudya chimawachepera m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene ntchito ya kumunda yafika pachimake. Ngakhale lamulo la mu 2021 lidathetsa utenanti, kusamuka kwa antchito potsata nyengo ya fodya sikudathe. Mankhwala a TB amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi, choncho wantchito wobwerera kwawo fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma angathe kudukiza mankhwala ngati sadapatsidwe kalata yomusamutsira kuchipatala cha kwawo.

Njira zoyezera nazo zapita patsogolo. Kale makhololo ankangounikidwa ndi maikulosikopu, yomwe imaphonya odwala ambiri, makamaka ana ndi omwe ali ndi HIV. Mu 2010 WHO idavomereza makina a GeneXpert, omwe amazindikira DNA ya kachiromboka pa maola awiri, n'kunenanso ngati kakupima mankhwala a rifampicin. Kafukufuku yemwe adachitikira pachipatala chachikulu cha Zomba ndi china cha ku South Africa, n'kusindikizidwa mu 2018, adaonetsa kuti kuyeza mkodzo kumathandiza kupeza TB mwa odwala HIV ogonekedwa m'chipatala. Mu 2021 WHO idavomerezanso kuti kompyuta iziwerenga zithunzi za X-ray pofufuza TB. Kufunika kwa zonsezi kudaonekera pa kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2013 ndi 2014, yemwe adapeza akuluakulu 452 odwala TB mwa 100,000 alionse, chiwerengero choposa chomwe chinkaganiziridwa.

Si chifuwa chilichonse chomwe ndi TB. Fumbi la fodya, utsi wa nkhuni ndi mphumu zimavulazanso mapapo, ndipo kafukufuku wa ku Blantyre wa mu 2020 adapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu omaliza mankhwala a TB amatsala ndi mapapo osagwira bwino ntchito. Yemwe sadampeze ndi TB koma akutsokomolabe ayenera kubwerera kuti akaunikidwenso.

Kuyeza ndi mankhwala a TB n'zaulere m'zipatala za boma, kuphatikizapo chipatala chachikulu cha Kasungu. Udindo wa akuluakulu a kukhonsolo, alangizi a zaumoyo, alangizi a zaulimi, mafumu ndi eni maesiteti ndi kuonetsetsa kuti aliyense wotsokomola kwa masabata awiri, wotuluka thukuta usiku, wotentha thupi kapena wowonda mosadziwika bwino wapatsidwa mpata wokapereka makhololo popanda kudulidwa malipiro, komanso kuti wosamuka ali pa mankhwala wanyamuka ndi kalata yake m'manja.