Kusintha masipuling'i a galimoto pakhomo: akumbuyo n'kotheka, akutsogolo ayi

Probox ikasenza mbatata ya kachewere pa Lizulu kapena madengu a tomato pa Jenda imadziwikira patali: kumbuyo kwakhala pansi, mphuno yaloza kumwamba. Katundu akatsika imayenera kudzuka. Ikapanda kudzuka, kapena ikapendekera mbali imodzi, ndiye kuti masipuling'i atopa kapena ina yathyoka. Kutsimikiza kwake n'kosavuta: galimoto iime pamalo osatsetsereka ilibe katundu, munthu ayeze ndi tepi kuchokera pakati pa tayala kufika pa bodi, mbali zonse ziwiri. Miyeso ikasiyana kwambiri, vuto lilipo.

Chimapha masipuling'i ndi kulemera. Probox yonyamula katundu inapangidwa kuti isenze makilogalamu 400 mukakhala anthu awiri, omwe ndi matumba 8 okha a chimanga a makilogalamu 50. Pamsika aliyense amadziwa kuti ambiri sayimira pa 8, ndipo thumba la mbatata losokerera pamwamba sililemera 50. Sipuling'i ikafooka, bodi imagunda pa ekiselo pa bampu iliyonse, tomato wapansi amafika ataphwanyika, matayala amakhula bodi, ndipo tsiku lokakonzetsa COF limadzetsa nkhawa.

Kwa wamalonda amene akufuna kupulumutsa ndalama ya makaniko, ntchito ya kumbuyo ndi yotheka pakhomo. Pa Probox sipuling'i yakumbuyo ndi yozungulira ija, ndipo imakhala payokha, yosiyana ndi shoki. Zofunika ndi majeke awiri, masipanala, ndi masitandi achitsulo. Masitandiwa si okambirana. Njerwa ndi mabuloko a simenti zimaphwanyika mosachenjeza, ndipo jeke yokha si yoti munthu n'kuikhulupirira mutu wake.

Galimoto iikidwe m'giya, matayala akutsogolo atsekedwe ndi miyala kapena matabwa, popeza handibuleki imagwira kumbuyo kokha, komwe kukhale m'malere. Manati a matayala amasulidwe pang'ono galimoto isanakwezedwe. Ikakwera, masitandi alowe pansi pa bodi pamalo olimba oikapo jeke, osati pa ekiselo, chifukwa ekiseloyo iyenera kutsika. Jeke yachiwiri igwire ekiselo, kenako bauti yapansi ya shoki ichotsedwe mbali zonse. Apa ndiye pofunika kudekha: jeke itsitsidwe pang'onopang'ono, maso ali pa paipi ya mphira ya mabuleki ndi waya wa ABS. Zikayamba kukungika, ntchito iime kaye ndipo tizitsulo tozigwira timasulidwe. Paipi ya mabuleki ikang'ambika, ndalama yopulumutsidwa ija yapita ndi ina pamwamba. Ekiselo ikatsika mokwanira sipuling'i imatuluka ndi dzanja. Yatsopano ilowe nsonga yake itakhala m'kampata kake, pa mphira wosang'ambika.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale amakaniko ena othamangira kasitomala wotsatira amachidumpha. Mabauti odutsa m'mabushi amangidwe komaliza galimoto itatsika, kulemera kwake kuli pa matayala. Akamangidwa ili m'malere, mphira wa bushi umakhala wopotoka nthawi zonse ndipo sukhalitsa.

Hilux ndi Vanette kumbuyo zili ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikizana, ogwidwa ndi mabauti okhota ngati U. Ntchito yake ndi yolemera, imafuna anthu awiri, koma si yachinsinsi. Mabauti okhotawo ndi bwino kugula atsopano, ndipo amangidwenso pakatha maulendo angapo oyamba chifukwa zitsulo zikakhazikika amakhwepa. Chitsulo chothyoka chisapite kwa wowotcherera: moto umachotsa kulimba kwake ndipo chimadzathyokanso pafupi pomwepo, kawirikawiri katundu ali pamwamba. Za kuwonjezera chitsulo china kuti galimoto izisenza zambiri, inde imadzuka n'kuoneka yamphamvu, koma mabuleki, matayala ndi mabeyaring'i amakhala omwe aja.

Kutsogolo nkhani ndi ina. Pa Probox, Sienta ndi galimoto zing'onozing'ono zambiri sipuling'i yakutsogolo imavala shoki ndipo imakhala yopanikizidwa ndi mphamvu yonyamula injini, itagwidwa ndi nati imodzi yapakati pamwamba. Womasula natiyo popanda chida chopanikizira sipuling'i amaiwombola ngati mpaliro, ndipo imatha kuthyola nsagwada kapena kupha. Kumanga ndi waya, chingwe kapena linya si njira. Chanzeru n'kuchotsa shoki yonse pamodzi ndi sipuling'i yake, nati yapakati yosakhudzidwa, n'kupita nayo ku galaja yokhala ndi chidacho. Malipiro ake amachepa poyerekeza ndi ntchito yonse. Ikabwezeretsedwa, galimoto ikawongoletse matayala pa alainimenti, apo ayi matayala akutsogolo adyeka mbali imodzi.

Pogula, masipuling'i amagulidwa awiriawiri. Yatsopano kumanzere, yakale kumanja, galimoto imayendabe mopendekera. Amene akukasaka ogwiritsidwapo kale ntchito ku Ndirande kapena ku Malangalanga atenge yakale ija ndi nambala ya chasisi, popeza galimoto za dzina limodzi zimatha kusiyana masipuling'i. Awiriwo awaimike pansi moyandikana: akhale ofanana msinkhu, kunenepa kwa chitsulo ndi chiwerengero cha mizere. Yopakidwa penti watsopano iyang'anitsitsidwe kumapeto kwake, komwe dzimbiri limayambira. Ndipo mtengo usanatsirizike, agwirizane ndi wogulitsa kuti ikapanda kukwana idzabwezedwa, alembe pa lisiti.