Kodi dzina la munthu limafika bwanji pa pepala lovotera?

Ana inu, mukukumbukira kuti pa 16 Sepitembala 2025 akuluakulu ambiri anabwerera kunyumba chala chili bii ndi inki? Tsiku limenelo anasankha pulezidenti, phungu wa ku Nyumba ya Malamulo ndi khansala. Pa mapepala ovoterawo panali mayina, nkhope za anthu ndi zizindikiro za zipani: chimanga cha DPP, tambala wakuda wa MCP, manja ogwirana a UDF, ndi zina zotero. Chipani chilichonse chinali ndi munthu mmodzi yekha pa mpando uliwonse. Kodi ndiye kuti m'dera lonse la kwanu, m'chipani chimodzi, wofuna uphungu anali mmodzi basi? Ayi ndithu. Kawirikawiri amakhalapo atatu, asanu, mwinanso kuposa apo. Enawo amakhala atagwa kale pa chisankho china chimene chimachitika miyezi ingapo tsiku lalikulu lisanafike. Chimenechi ndicho chisankho chachipulula, ena amangoti mapulaimale.

Zili ngati mmene sukulu yanu imachitira ukayandikira mpikisano wothamanga wa pa zoni. Singatumize ana onse aliwiro. Aphunzitsi amayamba awathamangitsa okhaokha pabwalo la sukulu, ndipo amene wawasiya anzake ndiye amakanyamula dzina la sukulu. Chipani nacho chimadziwa kuti chikaimika anthu atatu pa mpando umodzi, mavoti ake agawikana patatu, wa chipani china n'kudutsa mosavuta.

Chisankho chachikulu chimayendetsedwa ndi bungwe la Malawi Electoral Commission, lija timangoti MEC. Chachipulula ayi, ndi cha chipani chokha. Chipani ndicho chimasankha tsiku, malo, oyendetsa ndi malamulo ake. Ndipo si aliyense amene amavota. Amavota ndi nthumwi, anthu a m'makomiti a chipanicho ochokera m'midzi ndi m'madera ang'onoang'ono: abambo, amayi ndi achinyamata amene mayina awo ali pa mndandanda.

Kavotedwe kakenso n'kosiyana ndi kaja ka m'kachipinda. M'malo ambiri m'dziko muno zimachitikira pabwalo la sukulu kapena la mpira, dzuwa likuswa mtengo. Opikisana amaimikidwa kutsogolo motalikirana, atafulatira gulu, ndipo pena amawamanga nsalu m'maso. Woyendetsa akapereka chizindikiro, nthumwi iliyonse imanyamuka n'kukaima kumbuyo kwa munthu amene yamukonda. Fumbi koboo, mizere n'kuyamba kutalika. Kenaka owerenga amayenda mumzere uliwonse akugwira paphewa munthu mmodzimmodzi, akuwerenga mokweza kuti aliyense amve. Wa mzere wautali ndiye wapambana. Palibe bokosi, palibe pepala, palibe inki.

Njira imeneyi ndi yotchipa komanso yachangu, ndipo zotsatira aliyense amaziona ndi maso ake. Koma ili ndi chilema chachikulu. Woimayo ngakhale amangidwe m'maso, abale ake ndi omuthandiza maso awo ali tong'o. Tangoganizani mayi amene mwana wake atadwala usiku anatengedwa pa galimoto ya mmodzi wa opikisanawo kupita ku chipatala cha Mangochi. Mumtima mwake akuona kuti winayo ndiye ali ndi mfundo zomveka. Adzaima kumbuyo kwa ndani, mudzi wonse ukuyang'ana? Ine ndimaona kuti voti yabwino ndi yachinsinsi, yoti ngakhale mwamuna wako kapena mfumu yako isadziwe. Mikangano inanso imabuka pa mndandanda wa nthumwi: uyu akuti mayina ena awonjezeredwa usiku, uyo akuti lole yabweretsa anthu a kudera lina. Nkhani zotere zimafika mpaka kukhoti.

Woimira chipani pa upulezidenti sasankhidwa pabwalo la sukulu. Iye amasankhidwa ku msonkhano waukulu wa chipani, kumene nthumwi za m'zigawo zonse zimakumana malo amodzi. Mu 2024 misonkhano yotere inasankha a Lazarus Chakwera ku MCP, a Peter Mutharika ku DPP, a Atupele Muluzi ku UDF ndi a Dalitso Kabambe ku UTM.

Chipani chimalemba buku la zimene chidzachite chikalowa m'boma, lotchedwa manifesito. Anthu onse opikisana pa chipulula ndi a chipani chimodzi, nsalu yawo ndi imodzi, manifesito yawonso ndi imodzi. Nanga amasiyana pati? Kunena zoona, nthawi zambiri nthumwi zimayang'ana munthuyo: ndi mwana wa ndani, amabwera pamaliro kapena ayi, dzanja lake ndi lotambasuka bwanji. Komatu kuno ku Mangochi kuli nkhani zoti anthu a chipani chimodzi angathe kusiyana maganizo kwenikweni, ndipo yaikulu ndi ya nsomba.

Mukudziwa mmene chambo chimalerera ana ake? Chachimuna chimakonza chisa pamchenga pansi pa madzi. Chachikazi chikaikira mazira chimawatola n'kuwasunga m'kamwa, ndipo ngakhale ataswa, tiana timathawira m'kamwa mwa mayi wawo tikaona zoopsa. Ndiye khoka likakola chambo chimodzi chotere, laphanso tiana tonse tili m'kamwamo. N'chifukwa chake boma limaletsa makoka ena pa nyanja ya Malawi m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, nthawi imene chambo chimaswana. Ku nyanja ya Malombe anthu anaona ndi maso awo zimene zimachitika nsomba zikamaphedwa mopanda malire: chambo chimene chinkadzaza mabwato chinasowa, m'makoka n'kumatuluka kambuzi. Mu 1993 kumeneko kunayamba makomiti a m'madoko, aja amati ma BVC, kuti asodzi eniake azithandizana ndi a dipatimenti ya nsomba kulondera nyanja.

Tiyerekeze tsopano kuti anthu awiri akupikisana m'dera la m'mbali mwa nyanja. Woyamba akuti: "Nthawi yotseka nyanja italike, makoka a maso ang'onoang'ono alandidwe n'kuwotchedwa, ndipo wopezeka akuphera nsomba neti ya udzudzu alipitsidwe." Wachiwiri akuti: "Musanalande khoka la munthu, muuzeni kaye chimene ana ake adye m'miyezi imeneyo. Tiyambe tapezera asodzi ngongole ndi maiwe owetera nsomba." Onse awiri akufuna chambo chibwerere. Woyambayo akuganiza za nyanja ya zaka khumi zikubwerazo, koma mlovi amene alibe munda agona ndi njala Disembala yemweyu. Wachiwiriyo akuganiza za mphika wa lero, koma ngongole ikachedwa, makoka apitiriza kusesa tiana ta nsomba. Mayi woyanika usipa pathandala ku Msaka kapena ku Malembo ali ndi funso lakelake kwa onsewa: mvula ikagwa usipa wanga n'kuwola, mundithandiza bwanji? Zoterezi ndizo mfundo. Mfundo imanena chimene munthu adzachite, mmene adzachitire, ndalama zake zichokera kuti, ndi amene adzapwetekedwe nazo. Kungoti "ndidzabweretsa chitukuko" si mfundo, chifukwa palibe amene anaimapo pamsonkhano n'kunena kuti adzabweretsa umphawi.

Nkhani zina n'zodziwikiratu. A ku Makanjira akhala akulira msewu wabwino kwa zaka zambirimbiri, ndipo palibe wofuna mpando kumeneko amene angaiwale kuutchula. A ku Chembe ndi ku Monkey Bay amafunsa kuti ndalama za alendo odzaona Lake Malawi National Park, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, zimawafika bwanji anthu a m'midzi. Ena nyumba zawo zinalowa madzi nyanja itakwera mu 2024, ndipo amafuna kumva za malo okhala.

Apa pali kamsampha kamene ngakhale akuluakulu amakodwamo. Munthu angalonjeze chinthu chabwino koma chosakhala cha mpando umene akuufuna. Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza ndondomeko ya chuma cha dziko, kufunsa nduna mafunso ndi kulankhulira anthu a m'dera lake ku Lilongwe. Phungu samanga yekha msewu wa tala. Chimene angachite n'kumenyera kuti msewuwo ulowe m'bajeti, kenaka n'kumafunsa mosatopa kuti ndalama zija zapita kuti. Za misika, zimbudzi za padoko, milatho ing'onoing'ono ndi midadada ya sukulu zimakambidwa kukhonsolo, kumene kumakhala makhansala. Choncho wofuna uphungu akanena kuti adzatsitsa yekha mtengo wa feteleza, wanena zoposa msinkhu wa mpandowo. Koma akanena kuti adzavotera lamulo lakutilakuti, kapena kuti adzabwera miyezi itatu iliyonse kudzafotokoza zimene zakambidwa ku Nyumba ya Malamulo, zimenezo mutha kudzamufunsa nazo.

Nanga ndalama, sopo ndi shuga zimene ena amagawa? Lamulo la zipani la mu 2018 limaletsa kupereka mphatso pofuna kukopa ovota. Nsalu ndi malaya a chipani sizili m'gulu loletsedwalo, koma ndalama za m'manja zili momwemo. Vuto n'lakuti pa chipulula ovota ndi ochepa, mazana angapo kapena masauzande ochepa, ndipo mayina awo amadziwika. Munthu wa thumba lolemera atha kuwayendera onse khomo ndi khomo. Mphunzitsi wopuma kapena mayi wanzeru zake amene alibe galimoto amayamba mpikisano ali kale m'mbuyo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene amayi amachepera ku Nyumba ya Malamulo, ngakhale Mangochi anatulutsapo a Lilian Patel, amene anaimira dera la Mangochi South kwa zaka zambiri pansi pa UDF ndipo anakhalapo nduna yoona za ubale wa dziko lino ndi maiko ena.

Wogwa pa chipulula sikuti nkhani yake yathera pomwepo. Malamulo a dziko lino amalola munthu wa zaka 21 kapena kuposa kuima payekha pa uphungu, wopanda chipani. Ambiri amene amaona kuti anaberedwa pabwalo paja amachita zimenezi, ndipo ena amapambanadi. Mu 2019, pamene mipando inali 193 ndipo 12 mwa iyo inali ya boma la Mangochi, aphungu 55 analowa m'Nyumba ya Malamulo ali oima paokha. Chiwerengero chimenechi chikutiuza kanthu: m'madera ambiri munthu amene nthumwi zinamusankha sanali amene anthu wamba ankamufuna. Mu 2025 mipando inawonjezeredwa kufika pa 229.

Agogo anu angakuuzeni kuti kale zonsezi kunalibe. Mpaka pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 chipani chololedwa chinali chimodzi, MCP ya Dr Kamuzu Banda, ndipo wofuna uphungu aliyense ankadzera m'chipani chomwecho. Chisankho cha zipani zambiri chinachitika pa 17 Meyi 1994, a Bakili Muluzi n'kupambana, ndipo mlatho wa pa Shire m'tauni mwathumu umadziwika ndi dzina lawo.

Maiko ena amachita mosiyana. Ku United States of America, dziko la zigawo 50, chipulula m'zigawo zambiri chimayendetsedwa ndi boma la chigawocho, ndipo anthu wamba olembetsa amakavota mwachinsinsi ngati pa chisankho chachikulu. Wofuna kukhala bwanamkubwa wa chigawo amayenera kukopa anthu a chigawo chonse, mwina mamiliyoni. Anthu ochuluka chotero sungawayendere ndi sopo, ndiye opikisana amatsutsana pa wailesi yakanema za misonkho, zipatala ndi mfuti. Mu 2008 a Barack Obama ndi a Hillary Clinton, onse a chipani cha Democratic, analimbana chigawo ndi chigawo kuyambira Januwale mpaka Juni. Musaganize kuti kumeneko zonse ndi zosalala: kulengeza pa wailesi kumadya ndalama zoopsa, ndipo olemera amakhalabe ndi mwayi woposa anzawo.

Kwathu kuno mitsutso ilipo. Bungwe la NICE Trust limasonkhanitsa ofuna uphungu ndi ukhansala pamalo amodzi kuti anthu awafunse mafunso, koma kawirikawiri zimenezi zimachitika chipulula chitadutsa kale, mayina atatsala ochepa. Pamsonkhano wotere mwana saletsedwa kukhala pansi n'kumvetsera, ngakhale kuvota kumayambira zaka 18. Chisankho chachikulu chimabwera zaka zisanu zilizonse, ndiye chotsatira ndi cha mu 2030. Ngati munabadwa mu 2011, dzina lanu lidzatha kulowa m'kaundula wa MEC, ndipo zipulula za chisankho chimenecho zidzayamba miyezi ingapo m'mbuyo mwake, mwina pabwalo la sukulu yanu yomweyo.