Kuyesa Netiweki Isanamangidwe

Asanakoke mawaya ndi kuimika nsanja zodya ndalama zambiri, akatswiri amayamba ayerekeza pa kompyuta m'mene mauthenga adzayendere. Chida chodziŵika pa ntchito imeneyi ndi ns-3, pulogalamu yaulere imene idatuluka koyamba m'chaka cha 2008, yolembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa C++.

Tsono amene afuna kuimanga yekha amatsata njira zinayi. Choyamba, amakopera malemba ake onse pa intaneti, kuchokera ku GitLab. Chachiŵiri, amalemba lamulo lakuti ./ns3 configure --enable-tests, ndipo kompyuta imafufuza ngati zonse zofunika zilipo. Chachitatu, lamulo lakuti ./ns3 build limasandutsa malembawo kukhala pulogalamu imene makina angathe kuimva. Kuyambira 2022, ntchito yosandutsayi imayendetsedwa ndi CMake m'malo mwa Waf.

Chotsiriza, chimene aphuma amachilumpha, ndi ./test.py. Apa pulogalamu imadziyesa yokha, n'kulemba PASS ikakhoza, FAIL ikalephera. Wolumpha gawo limeneli angathe kukhulupirira ziŵerengero zolakwika, namanga netiweki yotaya mauthenga panjira. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.