Za Anthu Oukitsa Makina Akale

Kuseri kwa magalaja ndi m'mbali mwa misika yathu muli malole akufa. Matayala anachotsedwa kale, dzimbiri ladya zitseko, nkhuku zimaikira mazira pampando wa woyendetsa, ndipo ana amakwerapo nachita ngati ali pa ulendo wa ku Limbe. Tsiku lina amafika ogula zitsulo zakutha ndi sikelo yawo, naliduladula lolelo, popanda munthu wodandaula. Ifenso sitinkadandaula. Koma mtima wathu unatembenuka titamva za anthu a ku England amene amathera ndalama ndi zaka zawo pa kuukitsa makina otere, ndipo lero tifuna kukusimbirani za mmodzi wa iwo.

Dzina lawo anali a Fred Dibnah, obadwa m'chaka cha 1938 mumzinda wa Bolton, kumene kunali mafakitale ambiri oomba nsalu za thonje. Ntchito yawo inali kukwera machumuni ataliatali a njerwa ndi nsanja za matchalitchi, kukakonza pamene pang'ambika. Mafakitale aja atayamba kutsekedwa, anthu ankawaitana kudzagwetsa machumuni omwewo. Iwo ankagumula njerwa za m'munsi mbali imodzi, nachirikiza ndi mitengo, nasonkha moto. Mitengo ikapsa, chumuni chonse chinkagwa kumene iwo anafuna. Ntchito imeneyi ndiyo inkawadyetsa, koma mtima wawo unali pa chitsulo china chimene chinkakhala pakhomo pawo.

Chitsulocho chinali makina otsendera msewu, opangidwa m'chaka cha 1910 ndi kampani ya Aveling & Porter ya ku Rochester. Makina amenewa sadziwa petulo kapena dizilo. Chakudya chake ndi malasha ndi madzi. Woyendetsa amalawirira kusonkha moto m'ng'anjo, nadikira nthawi yaitali kuti madzi a mumgolo wachitsulo awire. Nthunzi ikachuluka, amaitsegulira njira kuti ikankhe pisitoni, pisitoniyo nizunguza gudumu lalikulu, ndipo mphamvu imatsikira ku magudumu olemera amene amaphwanya miyala naisalaza. Liwiro lake silisiyana kwenikweni ndi la munthu woyenda pansi. Koma ulesi saulola, pakuti madzi akachepa mumgolo moto uli lawilawi, chitsulo chingathe kuphulika ndi kupha anthu. Makina oyendera nthunzi ankaopedwa ndithu masiku akale: lamulo la 1865 linati pamsewu asapitirire mamailosi 4 pa ola kumidzi ndi mamailosi 2 m'tauni, ndipo patsogolo pa ena mwa iwo pankayenda munthu wonyamula mbendera yofiira.

A Dibnah anagula makinawo ali otheratu, nawaphwasula chitsulo chimodzichimodzi. Zitsulo zosinthira zinali zitasiya kale kugulitsidwa m'masitolo, choncho chimene chatha ankachisula okha m'nyumba yawo ya ntchito kuseri kwa nyumba. Apa ndi pamene tiona kukoma kwa makina akale. Zonse zili poyera: mmisiri amaona ndi maso chimene chadyeka, namva ndi khutu chimene chikugogoda. Ife amene timalemekeza Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazareti, sitingapeputse munthu wogwira ntchito ndi manja mwaluso lotere, pakuti nzeru zimenezi n'zochokera kwa Mulungu.

Komatu tisabise mbali ina ya nkhaniyi, popeza tikulembera mabanja. M'chaka cha 1985 a Dibnah atabwerako ku ulendo, anapeza kuti akazi awo achoka pamodzi ndi ana atatu. Sitiweruza nyumba ya eni, koma taonapo kwathu kuno abambo amene njinga yamoto kapena chigayo chinawalanda madzulo onse, mpaka ana nkumagona osawaona. Chitsulo chikachita dzimbiri chimapalidwa nichiwalanso. Ubwana wa mwana ukapita subwerera.

Anagulanso makina ena a kampani yomwe ija, okoka katundu wolemera, opangidwa mu 1912, ndipo kuwakonza kunawatengera zaka zoposa 20. Pomaliza ntchitoyo n'kuti akudwala khansa. Komabe m'chaka cha 2004 anayenda nawo m'madera ambiri a dziko lawo, nafika nawo ku London kumene analandira ulemu wa MBE kwa Mfumukazi Elizabeth. Anamwalira pa 6 November chaka chomwecho, ndipo bokosi lawo linaikidwa pangolo yokokedwa ndi makina omwe aja, mwana wawo wamwamuna akuyendetsa, khamu la anthu litaima m'misewu ya Bolton.

Sanali okha m'chikondi chimenechi. Kuyambira 1969 mpaka 2022 ku Dorset kunkachitika chisonkhano chachikulu chotchedwa Great Dorset Steam Fair, kumene anthu ankabwera ndi makina a nthunzi, mathirakitala ndi malole akale, osati kudzawaimika chabe, koma kudzawagwiritsa ntchito pamaso pa ana: kupuntha tirigu, kucheka matabwa ndi kukoka katundu pamtunda.

Tsono wina angafunse kuti, kodi ife zitikhudza bwanji zoseweretsa za anthu a kutsidya kwa nyanja? Ife tiyesa kuti tili ndi chifukwa choposa chawo chokumbukira makina otere. Pamene ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, mabokosi awo, nsalu, mchere ndi zipangizo za Misa zinayenda pamitu ya anthu. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anatengedwa kukagwira mtengatenga, kusenza chakudya ndi zida za asilikali, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Chimene chinatula katundu pamitu ya makolo athu ndi njanji, msewu ndi lole. Malole a Bedford, amene anayamba kupangidwa ku Luton mu 1931, anadzafika m'dziko muno nasenza fodya, thonje, chimanga, njerwa za matchalitchi, ngakhale maliro. Nayenso katapila wogumula zulu ndi kuzula zitsa, amene dzina lake lichokera ku kampani ya Caterpillar yokhazikitsidwa mu 1925 ku America, anachita m'masiku owerengeka ntchito imene mudzi wonse ukadaikumba ndi makasu kwa miyezi.

Sitikunena kuti banja losowa ndalama ya feteleza lisunge lole lakufa pabwalo. Chitsulo chikagulitsidwa, ana amadya, ndipo palibe tchimo pamenepo. Chimene chitiwawa n'chakuti pamodzi ndi zitsulozo ikupitanso mbiri yake. Alipo m'midzi mwathu akuluakulu amene anayendetsa malole amenewa, odziwa kuliza injini ndi handulo m'mawa wa chisanu, ndi kutsika nawo phiri la Golomoti mabuleki akutentha, mnyamata wothandiza atagwira chipika chotsekera tayala. Mdzukulu akawafunsa madzulo ano, adzamuuza dzina la lole lawo ndi katundu amene linasenza.

Ku Blantyre, pabwalo la nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, anaimikapo makina ena a nthunzi pamodzi ndi mutu wa sitima yapamtunda. Amene muli ndi ulendo wa kumeneko, patukani ndi ana anu, ndipo ngati agogo akadali ndi mphamvu za kuyenda, muwatenge iwonso, kuti akaloze okha pamene ankasonkhapo moto.